Bambo Ali Kunja Atumiza Pepala la Msonkho: Tisaine Kapena Tiyambe Tafunsa?

Amayi anzanga, m'makomo ambiri masiku ano mpando wa bambo uli wopanda munthu chifukwa cha ulendo wokasaka ndalama. Ena ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ena ku Ireland ndi ku Mangalande, ena adakwera ndege mu 2023 kukalima m'minda ya ku Israel, ndipo ena ali ku America, monga ku South Bend m'chigawo cha Indiana kumene Amalawi adachulukana ndithu. Tsono pakati pa Januwale ndi Epulo ena a inu mumalandira uthenga pa foni wonena kuti: "Mayi a ana, ndatumiza pepala. Mukalisindikize, musaine pamene ndachonga, mubweze msanga." Mukafunsa kuti pepalalo ndi la chiyani, yankho limakhala lalifupi: "Ndi za msonkho basi."

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za pepala limeneli, pakuti m'gulu lathu la amayi limene limakumana ku Area 13, pafupi ndi maofesi a ku City Centre, nkhaniyi yatuluka kangapo. M'gululi muli amayi ophika nsima ya masana pamsika, osesa m'maofesi, alembi, ndiponso amayi a ku Area 10 ndi Area 12 amene amakhala m'nyumba za mipanda. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani iyi onse amafanana. Wophunzira ndi wosaphunzira yemwe amachita manyazi kufunsa amuna awo tanthauzo la chimene akusaina, poopa kuoneka ngati akuwakayikira. Ine sukulu ndidalekezera ku pulayimale, koma zimene ndilembe pano mayi aliyense angathe kuzimvetsa atakhala pansi ndi kudekha.

Msonkho wa mwamuna amene ali kutali sudayambe lero kugogoda pa khomo la mkazi. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, lidaika msonkho wa mashilini atatu pa nyumba iliyonse, ndipo msonkhowo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zidatulutsa amuna m'midzi kupita ku Halale ndi ku Joni. Mwamuna akachedwa kutumiza ndalama, amesinjala sankapita kumgodi kukamufuna. Ankafika panyumba, ndipo mbiri imasimba za akazi amene ankagwidwa ndi kusungidwa kuboma kufikira msonkho utaperekedwa. Amuna amene adapita osabweranso agogo athu ankawatcha matchona, ndipo akazi awo ndiwo ankasenza zonse. Pambuyo pake kudabwera Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendo wa kumigodi. Ulendowo udayambanso mu 1977 pa dzina la TEBA, kufikira udatha mu 1988. Masiku amenewo gawo la malipiro linkasungidwa kuti mwamuna adzalandirire kuno kwathu, motero mkazi ankadziwa kuti kanthu kadzabwera. Lero palibe mesinjala womanga mkazi chifukwa cha msonkho wa mwamuna wake. Chimene chingamumange ndi dzanja lake lomwe, pa tsiku limene wagwira cholembera.

Tiyambe ndi za kwathu kuno. Msonkho umatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, limene tonse timangoti MRA. Lidayamba ntchito mu 2000 ndipo likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre, koma maofesi ake aliponso muno mu Lilongwe. Lamulo lathu limayang'ana kumene ndalama yabadwira. Ndalama yobadwira m'Malawi imadulidwa msonkho m'Malawi, pamene malipiro amene bambo alandira pogwira ntchito ku Durban kapena ku Dublin amadulidwa komweko. Chotero ndalama ya ndiwo, ya fizi ndi ya feteleza imene amakutumizirani si malipiro anu, ndipo musachite nayo mantha pokaitenga. Ngati inu muli pantchito, abwana anu amadula msonkho wa PAYE pa malipiro anu okha, osafunsa zimene amuna anu amalandira. Gawo la malipiro losadulidwa msonkho lidakwera kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi mu 2020, kenaka K150,000 mu 2024. Limasinthidwa kawirikawiri, kotero funsani la chaka chino.

Mutu umayamba kuwawa tikafika pa nyumba. Mabanja ambiri amanga nyumba ku Area 43, Area 47 ndi Area 25 ndi ndalama zochokera kunja, n'kuikamo anthu a lendi, ndipo wotolera lendiyo ndi mayi. Dziwani kuti lendi ndi ndalama yobadwira m'Malawi, ngakhale mwini nyumba atagona ku London zaka khumi. Munthu amene sakwanitsa masiku 183 m'dziko muno pa miyezi khumi ndi iwiri lamulo limamuwerengera ngati wokhala kunja, ndipo anthu otere ali ndi msonkho wawo, umene kwa zaka zambiri wakhala K15 pa K100 iliyonse. Mabungwe ndi makampani amene amachita lendi nyumba za anthu amayamba adula msonkho asanapereke ndalama, ndipo ayenera kukupatsani chikalata chosonyeza zimene adula. Chikalatacho si chokulungira mandasi ayi. Ndiwo umboni wanu wakuti gawo la boma lidapita kale.

Funso lofunika kudzifunsa ndi ili: kodi dzina lili pa chikalata cha nyumba ndi la yani, lili pa pangano la lendi ndi la yani, ndipo nambala ya msonkho, ija amati TPIN, imene wochita lendi adalemba ndi ya yani? Nthawi zambiri nyumba imakhala m'dzina la bambo, koma pangano ndi TPIN n'za mayi, chifukwa iye ndiye adali pafupi tsiku losaina. Ndalama imalowa mu akaunti ya mayi n'kutuluka tsiku lomwelo kukagula malata a nyumba ina monga bambo alamulira. Pamaso pa boma wolandira ndalamayo ndi amene dzina lake lalembedwa, ndipo kalata yofunsa msonkho idzapita kwa iyeyo. Pitani ku MRA ndi mapepala onse atatu, munene poyera kuti amuna anu ali kunja, ndipo akuuzeni dzina loyenera kulembetsa. Kumbukiraninso kuti chaka cha boma cha zachuma kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, ndiponso kuti msonkho wa nyumba wa ku khonsolo ya mzinda ndi lendi ya malo ya ku Unduna wa za Malo ndi ngongole zina zapadera zimene a MRA sazikhudza.

Za ku South Africa ndi ku Mangalande sindichedwa nazo. Ku Mangalande kuyambira mu 1990 mwamuna ndi mkazi amawerengeredwa msonkho aliyense payekha, ndipo ku South Africa nakonso masiku ano zili chimodzimodzi. Fomu imodzi ya banja yosainira anthu awiri kumeneko kulibe. Motero bambo ali ku Joni akakutumizirani pepala n'kunena kuti ndi msonkho wa nonse awiri, funsitsani, pakuti mwina ndi pepala la ngongole kapena lopatsa wina mphamvu yogulitsa malo. Malawi ndi South Africa adapangana mu 1971 kuti ndalama imodzi isamadulidwe msonkho kawiri, ndipo amene ali ndi nyumba kuno koma akukhala uko angathandizike ndi pangano limenelo.

Ku America ndiye kuli fomu ya banja yeniyeni, ndipo mapepala ambiri amene amayi amabwera nawo ku gulu lathu amachokera kumeneko. Munthu wogwira ntchito ku America amadulidwa msonkho pa malipiro chaka chonse. Chaka chikatha amalemba fomu yotchedwa 1040 n'kuitumiza ku bungwe lawo la msonkho la IRS. Akapeza kuti adadulidwa zambiri amamubwezera, akapeza kuti adadulidwa zochepa amawonjezera. Pamwamba pa fomuyo munthu amachonga ngati ali pabanja kapena ayi, ndipo wapabanja amasankha kulemba payekha kapena pamodzi ndi mkazi wake. Mawu a Chingerezi oti muwayang'ane ndi akuti Married filing jointly, kutanthauza apabanja olemba pamodzi.

Mwa lamulo lawo, mkazi amene si nzika ya America ndipo sakhala kumeneko sangalowe pa fomu ya pamodzi pokhapokha awiriwo atasankha kuti iye awerengedwe ngati wokhala ku America pa nkhani ya msonkho. Kusankhako kumachitika ndi kalata yosainidwa ndi onse awiri, imene imamatidwa ku fomu ya chaka choyamba. Pepala limene bambo akukufulumizitsani nthawi zambiri ndi limeneli.

Chifukwa chake bambo amalifuna si chachinsinsi, ndipo si choipa. Mu chaka cha msonkho cha 2024, wapabanja wolemba payekha ankachotsa madola 14,600 pa malipiro ake msonkho usanawerengedwe, pamene olemba pamodzi ankachotsa madola 29,200. Kwa munthu amene msonkho wake uli pa madola 12 pa 100 iliyonse, kusiyana kumeneku kokha kumapulumutsa madola pafupifupi 1,750 pachaka. Sinthani nokha m'makwacha muone kuti ndi matumba angati a feteleza. Dzina lanu ndilo labweretsa ndalama imeneyo, ndipo ndalama yobwezedwa pa fomu ya pamodzi ndi ya anthu awiri. Kwa mayi wogulitsa nsima kapena kaunjika, amene phindu lake likasinthidwa m'madola limachepa, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, kulemba pamodzi kumakhala kopindulitsa banja. Ine sindiletsa mayi kusaina. Ndingofuna kuti adziwe kuti walira mvula walira matope.

Matope ake ndi awa. Mukasankha kuwerengedwa ngati wokhala ku America, ndalama zonse zimene inu mumapeza, kulikonse pa dziko lapansi, ziyenera kulembedwa pa fomuyo: malipiro anu a ku Capital Hill, lendi ya nyumba ya ku Area 12, phindu la geni, chiwongoladzanja cha kubanki. Malawi ndi America alibe pangano la msonkho longa lija la South Africa. Komabe lamulo la America limalola kuchotsera msonkho umene mudapereka kale kuno, malinga mukhale ndi umboni, ndipo apa ndi pamene zikalata za MRA zija zimagwiranso ntchito kachiwiri. Mayi amene ali ndi nyumba ziwiri zitatu za lendi yokwera asathamange. Ayambe apeza wodziwa kuwerengera ndalama kuti aone ngati phindu la kulemba pamodzi silithera mu msonkho wa nyumbazo.

China chachikulu kuposa ichi n'chakuti osaina pamodzi amasenza ngongole pamodzi. Mumasaina molumbira kuti zolembedwazo n'zoona. Ngati bambo adabisa ndalama za ntchito yachiwiri, kapena adalemba ana amene kulibe kuti abwezeredwe zambiri, IRS ili ndi mphamvu yofuna ngongole yonse, chindapusa ndi chiwongoladzanja chomwe, kwa aliyense wa inu awiri, ngakhale banja litatha. Kunena zoona, palibe adzachoke ku Washington kudzalanda miphika yanu ku Area 13. Koma ngongoleyo imadikira. Imadya ndalama zobwezedwa za zaka zotsatira, ndipo tsiku limene bambo adzafune kukuitanani kuti mukakhale nawo, mapepala a msonkho ndi amodzi mwa zimene boma la America limayang'ana. Njira yodandaulira ya mkazi wosalakwa ilipo, pa fomu ya 8857, koma imafuna kuti musonyeze kuti simunkadziwa za chinyengocho ndipo panalibe chokuchenjezani. Kulondola mlandu wotere muli kuno si ntchito yamasewera.

Dziwaninso kuti chisankho chimenechi si cha chaka chimodzi. Chimapitirira chaka ndi chaka kufikira wina atachithetsa polemba kalata, kapena pakagwa imfa, kapena banja likatha kukhoti. Chikathetsedwa sichibwereranso, ngakhale munthu atadzakwatiwa kwina. Inu nokha muli ndi mphamvu yochithetsa, koma musachite zimenezo chifukwa cha mkwiyo wa usiku umodzi.

Pamodzi ndi kalata ija pamabwera fomu ina yotchedwa W-7, yopemphera nambala ya msonkho ya ITIN. Nambalayi ili ndi manambala asanu ndi anayi ndipo imayamba ndi 9. Si chiphaso cholowera m'dzikomo, si chilolezo cha ntchito, ndipo ikakhala zaka zitatu zotsatizana osagwiritsidwa ntchito imatha mphamvu. Ndanena izi chifukwa amayi ena akangoilandira amayamba kutsanzika kwa anzawo. Kuti ituluke amafuna pasipoti yeniyeni kapena kope lake lotsimikizidwa ndi ofesi imene idapereka pasipotiyo, ndipo kope la pa makina a pamsika salilandira. Pasipoti yeniyeni ikapita imatha milungu yambiri isanabwerere, nthawi zina kuposa khumi. Ngati mumayenda ulendo wa geni wa ku Tanzania kapena ku Zambia, ganizani kawiri musanaiike mu envelopu, ndipo yambani mwafunsa ku ofesi ya za mapasipoti kapena ku ofesi ya kazembe wa America muno mu Lilongwe za kope lotsimikizidwa.

Mayi wina wa m'gulu lathu adabwera ndi tsamba limodzi lokha, lachiwiri, limene lili ndi malo osainira. Tsamba loyamba, limene limaonetsa maina, adiresi, ana ndi malipiro, sadamutumizire. Tidamulangiza kuti apemphe masamba onse. Atafika, tidapeza kuti zonse zidali zolongosoka, kupatula kuti bamboyo ankalandira ndalama zoposa zimene ankanena kunyumba, ndipo ankachita manyazi. Banja lidakambirana, mayi adasaina, ndipo gawo la ndalama zobwezedwa lidalipira fizi ya mwana ku sekondale. Sikuti tsamba lililonse lobisidwa limabisa mkazi wachiwiri. Koma simungadziwe chimene labisa musanalione, ndipo akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kafunsidwe kake n'kofunika, pakuti mwamuna ali kutali amakhala wotopa ndi wosungulumwa, ndipo mawu olembedwa pa foni sakhala ndi nkhope. Musayambe ndi kuti, "Mukundibisira chiyani?" Nenani kuti: "Bambo a ana, pepala ndalilandira ndipo ndisaina. Koma poti akuti ndilumbire kuti zonse n'zoona, nditumizireni masamba onse ndiwerenge, ndiponso ndikuuzeni za lendi ndi geni yanga kuti zilowe bwino, tingadzapalamule." Mwamuna wanzeru adzaona kuti mukumuteteza iye yemwe. Masamba akafika, yang'anani dzina lanu ngati lalembedwa monga liliri pa pasipoti, yang'anani maina a ana amene alembedwa ngati mukuwadziwa, yang'anani ndalama yobwezedwa ndi akaunti imene ikalowe. Mukasaina, sungani kope lanu m'sutikesi momwe mumasunga chiphaso cha unzika ndi makadi a ana a kusikelo, chaka chilichonse pachokha.

Pali chinthu china chimene pepalali limachita mwakachetechete. Fomu ya pamodzi ndi umboni wakuti bambo adauza boma la kumeneko kuti ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo ndinu. Munthu wapabanja saloledwa kuchonga kuti ndi mbeta kapena wosakwatira. Ngati amuna anu akhala ku America zaka zambiri ndipo sadatchulepo dzina lanu pa fomu iliyonse, limenelo ndi funso loyenera kupita nalo kwa ankhoswe. Kwathu kuno lamulo la maukwati la 2015 limalemekeza mofanana ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa chinkhoswe. Koma ofesi ya kunja siidziwa ankhoswe anu, imadziwa pepala. Amene mulibe mtchatho yambani kuulondola tsopano ku ofesi ya DC wa boma lanu, bambo asanatumize mafomu, chifukwa pepala lomweli lidzakuthandizani pa nkhani ya chuma cha masiye, imene ili ndi lamulo lake la 2011.

Kwa inu amayi a kumudzi amene Chingerezi chimakuvutani, musapereke pepala ndi pasipoti kwa aliyense wokhala ndi kompyuta pa sitolo. Pa mapepala amenewa pali maina, masiku obadwa ndi manambala amene mbala ingathe kubera nawo ndalama zobwezedwa. Pezani mphunzitsi wokhulupirika, mwana wanu wamkulu kapena mlembi wa gulu lanu, akuwerengereni mzere ndi mzere inu muli pomwepo, ndipo wosindikiza afufute zonse pa makina ake inu mukuona. Muwauzenso bambo kuti kuyambira pa 1 Januwale 2026 America idaika msonkho wa dola imodzi pa 100 iliyonse pa ndalama zotumizidwa kunja ngati wotumizayo wapereka ndalama ya m'manja pa kauntala, koma zochokera mu akaunti ya kubanki kapena pa khadi sizidulidwa.

Bambo akati nthawi yatha, dziwani masiku ake. Fomu ya ku America imafunika pofika pa 15 Epulo, koma munthu angathe kupempha miyezi ina isanu ndi umodzi, kufikira pa 15 Okutobala, polemba fomu yaifupi ya 4868. Pempholi silifuna kupereka chifukwa. Chimene sichidikira ndi ndalama ya msonkho ngati ilipo yoti awonjezere, imeneyo ayenera kulipira pofika mu Epulo momwemo. Mapepala angathe kudikira kufikira mutawerenga masamba onse, mutatenga kope la pasipoti, ndiponso mutasonkhanitsa malisiti a lendi ndi zikalata za MRA za chaka chonsecho.